Mbale za Rike Zinabwera Zopepuka

1

"Amayi, munthu akanena kuti wakhuta, timadziwa bwanji kuti sakunama?"

Anafunsa choncho ndi mwana wanga Tilman ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Linali Lamlungu masana, nthawi ya khofi ndi keke, ndipo azakhali ake anali atangokankha mbale n'kunena kuti akhuta, chonsecho keke ya mapulamuyo anangoinyema pakona. Tonse tinaseka. Malemu bambo ake anamuuza kuti adye zake, asiye kuyang'ana anthu pakamwa.

Sanasiye. Funsolo anakula nalo mpaka linakamulowetsa ku yunivesite, ndipo ndi lomwelo limene linadzandichotsetsa ine ntchito.

Ndine Irmgard Kienzle. Sukulu ndinalekeza ndili mtsikana, n'kukayamba kutsuka miphika kukhitchini ya chipatala. Mayeso ndinadzalemba ndili kale mayi, kusukulu ya madzulo, ndikusinza pa buku manja akununkha sopo. Mayeso amenewo ndi amene anandipezetsa ntchito ya wothandizira pa dipatimenti yofufuza za maganizo a anthu, pa yunivesite ya m'tauni mwathu. Ndinayamba ntchitoyo Tilman asanamere ndevu. Iyeyo ndi amene anandipeza ine kumeneko.

Lero mukafunsa mumsewu wathu, akuuzani kuti ndine mayi uja anaulula chinsinsi cha mwana wa eni ake, n'kugwetsa kafukufuku wa mwana wake yemwe. Sakunama. Ndinachitadi zimenezo, ndipo sindinabwere pano kudzapepesa. Koma pali chinthu chimodzi chimene sindinauze komiti imene inandizenga mlandu. Inu ndikuuzani, mungoleza mtima.

2

Tilman anali ndi mafunso amene anakonzedwa kudziko lina, oyezera munthu amene amadzimana dala chakudya poopa kunenepa. Kodi mumadzuka patebulo mudakali ndi njala? Kodi mumakana keke chonsecho mtima ukuifuna? Anali oterowo. Kuwamasulira m'Chijeremani sikunamuvute. Ntchito yeniyeni inali kutsimikizira kuti mafunsowo akafika m'manja mwa Mjeremani amatulutsadi zoona. Digiri yake ya udokotala inatsamira pamenepo.

Tinkachita chonchi. Munthu ankayankha mafunsowo, n'kudzawayankhanso patapita milungu ingapo, kuti tione ngati mayankho ake sakungoyendera mphepo. Kenako tinkamuitana kuti adzatilawire mabisiketi. Tinkamulowetsa yekha m'kachipinda, n'kumuikira mbale zitatu zodzaza, n'kumuuza kuti, "Lawani mutiuze amene akoma kwambiri. Idyani mmene mungafunire, otsalawo timataya."

Zoti akoma kapena sanakome ife tinalibe nazo ntchito. Mbalezo ndinkaziyeza pasikelo zisanalowe, n'kuziyezanso zikatuluka. Tinkafuna kuona ngati zimene munthu wanena poyankha zikufanana ndi zimene dzanja lake lachita ali yekha. Bodza limeneli akuluakulu analivomereza, bola tidzaulule kwa onse kafukufuku akatha. Koma anthu akanangodziwa msanga kuti mbale timayeza, ntchito yonse ikanapita pachabe.

Mabisiketiwo tinkaitanitsa kutali, a mtundu umene sitolo za kuno sizigulitsa. Ine ndinkawadula ndi mpeni tizidutswa ta makona atatu, kuti munthu asamawerenge kuti wadya angati.

Mayina kunalibe, aliyense anali nambala. Tonse tinasaina kuti zimene taona m'chipindamo zithera momwemo. Kuno anthu akhoza kukukhululukira utaledzera pa maliro, koma osati utaulula za munthu amene anakukhulupirira ndi mayankho ake.

Tsiku lina, masamba atangoyamba kufiira m'mitengo, chitseko chinatseguka n'kulowa Rike.

Rike ndi mwana wa Bambo Eberhard Haug, wophika buledi amene amakhala pansi pathu m'nyumba yathu yosanja. Mayi ake anamwalira iye ali ku pulayimale. Ine ndinamulukapo tsitsi, ndinamusokerapo madiresi. Tsopano anali ndi zaka makumi awiri, akuphunzira zauphunzitsi, ndipo Loweruka ankathandiza bambo ake kugulitsa. Tsikulo kunja kunali kotentha ndithu, koma iye anavala chikhoti chachikulu chimene chinkachita ngati chimumeza.

"Moni, Mayi Kie..."

"Nambala yanu, chonde," ndinamudula.

Anaseka, n'kunditchulira nambalayo ngati tikusewera zaana. Ndinamulowetsa, n'kutseka.

Atatuluka, mbale zake zinabwera zopepuka. Ndinaika pasikelo kawiri kuti nditsimikize. Anali atadya kuposa anyamata ena a mpira amene tinawayeza sabata imeneyo. Mtima wanga unakhala pansi. Kwa miyezi ndinkaona timikono take tikunka tiwonda, makasitomala akumuyamikira kuti wakongola, ine ndikungomeza mawu. Ndinadziuza kuti, Irmgard, wakalamba, paliponse umangoona zoopsa. Taona, mwanayu amadya.

3

Sabata imeneyo chikwangwani cha zosesa, chimene chimazungulira makomo a m'nyumba yathu kusonyeza woyenera kusesa, chinali pachitseko changa. Ndinakolopa masitepe kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndinasesa m'mbali mwa msewu, ndipo Lachinayi masana ndinapita kuseri kukakankhira mabini kumsewu, poti galimoto ya zinyalala inkabwera mawa lake. Bini ya mapepala ndinatulutsa. Ya mapulasitiki ndinatulutsa. Yabulauni, ya zotsala za chakudya, chivundikiro chake chinkakana kutseka. Ndinatsegula kuti ndikanikize.

Pamwamba penipeni panali tizidutswa ta makona atatu.

Mpeni wanga ndimaudziwa. Ndimadziwa kuti ndikafika pa bisiketi yomaliza dzanja limatopa, n'kuyamba kudula mokhota. Tizidutswa tokhota tija tinali pomwepo.

Ndinavala magolovesi n'kuvundula. Pansi pake panali buledi wopota wa mchere, wosalumidwa n'komwe. Soseji yathunthu. Mbatata. Chidutswa cha keke chodulidwa bwino ngati cha mlendo. Sizinali zotsala za m'mbale ayi. Chinali chakudya chimene chinachoka patebulo chili chathunthu, n'kutsika masitepe m'thumba la chikhoti.

Mwana uja anapusitsa mafunso a Tilman. Anapusitsa sikelo yanga. Anapusitsa bambo ake amene ankadya naye tebulo limodzi. Akanangoponya mabisiketiwo m'bini ya pokwerera basi, palibe akanadziwa. Koma analeredwa m'nyumba muno, ndipo dzanja lake silikanalola kutaya chakudya m'bini yolakwika. Anadutsa nawo tauni yonse m'thumba kuti adzawataye poyenera.

Ndinakanikiza, n'kutseka, n'kukankhira bini kumsewu. Potuluka ndinaguguda nayo geti.

4

Lamlungu Tilman anabwera kudzamwa khofi monga mwa masiku onse. Ndinadikira kuti amalize chidutswa choyamba, kenako ndinamuuza.

"Amayi, lekezerani pomwepo."

"Dzina sindinatchule."

"Mwatchula bini ya nyumba ino. Mukuganiza kuti ndine chitsiru?" Anaika foloko pansi. "Ine sindiyenera kumva zimenezi. Kwa ine ndi nambala. Nambalayo yayankha kuti imadya bwino, ndipo mbale zikuvomereza."

"Nambala siivala chikhoti dzuwa likuswa mtengo."

"Ndi wamkulu, Amayi. Si mwana. Ali ndi ufulu woti za iye zisatuluke."

"Ali ndi ufulu wofanso?"

Anadzuka n'kukaima pawindo. "Dikirani pang'ono. Khirisimasi ikadutsa timaliza. Tidzawaitana onse, tidzawaululira za sikelo, ndipo aliyense tidzamuuza kumene angapeze thandizo. Ndiyo njira yake."

"Tilman, ine ndinakonzapo mathireyi a wodi ya atsikana oterewa. Ankapita odzaza, ankabwera odzaza. Kenako tsiku lina ankangotiuza kuti bedi lakuti musakonzenso. Si kuti anali atachira."

"Mukauza Bambo Haug, mawa lomwelo tauni yonse idziwa kuti timayeza mbale. Pakamwa pawo mukupadziwa. Zaka zitatu za ntchito, Amayi. Mudzazitaya m'bini iti?"

Tinalankhulanso zina tsiku limenelo. Zimenezo ndazisunga kaye.

5

Musaganize kuti ndinathamanga. Ine sindithamangira kuweruza munthu, ndipo sindithamangira kulowa m'nyumba ya eni ake. Ndinayamba ndi mwini nkhani.

Ndinamudikirira pamasitepe akuchokera kusukulu. Ankakwera atagwira chitsulo cha m'mbali, akupuma pa sitepe iliyonse ngati nkhalamba.

"Rike, ndapeza mabisiketi anga."

Sanadabwe. Anangondiyang'ana, maso ali gwa.

"Mabisiketi ati, Mayi Kienzle? Inu ndi ine sitinakumanepo kumeneko. Munandifunsa nambala, mwaiwala?"

"Usandiphunzitse ntchito yanga, iwe. Tiye kwa dokotala. Ndikuperekeza ndekha, bambo ako sadziwa."

"Ine sindikudwala."

"Ndiye dokotalayo akanena choncho, ine ndikakupepesa pamaso pake."

Anaseka kaphwete kouma. "Mwayamba kuvundula mabini tsopano? Mukufuna ndikugulireni magolovesi atsopano?" Kenako anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Munasaina, Mayi Kienzle. Ine ndinawerenga zonse ndisanalowe m'chipinda chija. Mukangotsegula pakamwa, ndikakusumirani. Ntchito iwathera, ndipo Tilman wanu adzakhala dokotala wa m'maloto."

"Ndakumva."

"Chabwino. Tsalani bwino."

Anatembenuka kuti akwere. Phazi linaphonya sitepe, ndipo ndinamugwira pamkono. Zala zanga zinazungulira mkonowo n'kukumana, malo n'kutsalako. Unali wozizira ngati chitsulo chimene anagwira chija.

Anasolola mkono wake. Koma ine ndinali nditamaliza kuganiza.

6

Bambo Haug ndinawapeza mawa lake masana kuseri kwa bekale yawo yophikira buledi, akupala ufa patebulo. Ndi munthu wamkulu thupi, wa mawu okweza, amene amatchula kasitomala aliyense dzina ndi matenda ake omwe.

"Aa, neba! Mwabwera kudzandidandaulira kuti ndasesa mokhota? Sabata yanga sinafike."

"Bambo Haug, khalani pansi."

"Kuno sitikhala. Ndani wamwalira?"

"Palibe. N'chifukwa chake ndabwera."

Ndinawauza zonse. Za kachipinda, za sikelo, za makona atatu, za soseji. Ankamvetsera nkhope ikufiira pang'onopang'ono.

"Mwana wanga? Mwana wa wophika buledi? Mayi Kienzle, m'nyumba mwanga munthu sagona ndi njala! Ndimamuikira ndekha m'mbale!"

"Mukamuikira mumachita chiyani?"

"Ndimadya zanga n'kukagona. Ine ndimadzuka anthu ali m'tulo, mukudziwa."

"Ndiye mumamusiya patebulo yekha."

Anaponya chopalira ufa patebulo. Kenako mkwiyo unapeza kolowera. "Ndiye inu kumeneko mumanamiza ana a anthu kuti akulawa mabisiketi, chonsecho mukuwayeza ngati nkhumba za pamsika? Mwana wanga ndi nkhumba yanu?"

Chitseko cholowera kogulitsira chinali chotsegula. Pamzere panali amayi atatu, ndipo mmodzi wa iwo mwana wake anali m'kafukufuku yemweyo. Ndinaona akutsinana.

"Tukwanani mmene mungathere," ndinatero. "Mukamaliza mukatsegule bini yabulauni."

Anakatsegula. Zimene zinachitika m'nyumba mwawo madzulo amenewo ndinazimva kudzera pansi pa khitchini yanga: mbale kusweka, Rike kukuwa, bambo wamkulu uja kulira ngati mwana. M'mawa mwake, kwa nthawi yoyamba chikhalireni ine m'nyumba imeneyi, bekale sinatsegulidwe. Bambo Haug anamutengera Rike kwa dokotala. Dokotalayo atamvetsera mtima wake, umene unkagunda mozengereza ngati wotchi yotha mabatire, sanamulole kubwerera kunyumba. Anamugoneka tsiku lomwelo.

Koma asanakwere galimoto, Rike anasunga lonjezo lake. Anaimba foni ku yunivesite n'kundisumira.

7

Sabata isanathe, tauni yonse inali itadziwa. Anthu anayamba kuimba foni kuti mayankho awo achotsedwe. Ena ankabwera kudzalawa mabisiketi akuseka, n'kufunsa kuti, "Sikelo ija mwabisa pati?" Kafukufuku anaimitsidwa.

Komiti inakhala m'chipinda chapamwamba chimene ine ndinkangolowamo pokapereka khofi. Pakati panali Pulofesa Wieland, mayi amene ankayang'anira ntchito ya Tilman. Si munthu woipa. Tilman anakhala kumapeto kwa tebulo, maso ali pa manja ake.

"Mayi Kienzle, siginecha iyi ndi yanu?"

"Ndi yanga."

"Munkadziwa tanthauzo lake?"

"Kuwerenga ndinaphunzira mochedwa, a Pulofesa, koma ndinaphunzira."

"Ndiye mukumvetsa zimene mwachita? Anthu amatiuza zam'kati mwawo chifukwa timalonjeza kusunga. Lonjezo limenelo likasweka kamodzi, mawa palibe adzatiuze zoona. Ndiye mafunso ngati amenewa, amene akanathandiza madokotala kuzindikira atsikana ambiri ngati ameneyu, sadzakhalapo."

"Ndikumvetsa. Mukunena zoona."

Anaoneka ngati amayembekezera kuti ndikangana nawo. "Nanga bwanji simunabwere kwa ine? Tili ndi njira zake."

"Ndikanabwera, mukanatani?"

"Tikanakhala pansi n'kukambirana ngati pali chifukwa chokwanira."

"Komiti ino inakhala liti komaliza, a Pulofesa? Ndikufunsa poti makapu ndimatsuka ndine."

Bambo wina wa zamalamulo anatsokomola. Pulofesa anavula magalasi.

"Funso lomaliza. Muganize bwino musanayankhe. Kodi mwana wanu ankadziwa chilichonse chokhudza mtsikanayu?"

Sindinamuyang'ane Tilman. Ndinayang'ana Pulofesa m'maso.

"Ayi. Kwa iye anali nambala. Ndinachita ndekha."

"Muli ndi mawu opepesa amene mukufuna tilembe?"

"Lembani kuti ndikupepesa anthu onse amene anachita mantha ndi mayankho awo. Za mtsikanayo musalembe kanthu. Mukandibwezera ku Lachinayi lija, ndidzatsegulanso bini yomweyo."

Anandichotsa ntchito. Ndinapereka makiyi, ndinatenga kapu yanga ndi juzi, ndinatsika. Tilman sananditsatire.

8

Tsopano tibwerere ku Lamlungu lija.

Atandifunsa kuti zaka zitatu ndidzazitaya m'bini iti, ndinamuyankha kuti, "Iwe ukulankhula ngati munthu wosamudziwa mwanayu." Pamenepo anachoka pawindo, anakhala pansi, n'kubisa nkhope m'manja.

"Ndimamudziwa, Amayi. Ndimamudziwa kuposa inu."

Anali pachibwenzi. Kuyambira nthawi ya Isitala ankakumana mobisa kuchipinda chake cha kutauni, poopa pakamwa pa Bambo Haug ndi maso anga. Tilman anaona kalekale. Ankaphika, Rike n'kunena kuti wadya kale kwawo. Kwawo ankanena kuti wadya kwa anzake. Akamufunsa, ankamuopseza kuti chibwenzi chitha.

Ndiye mwana wanga, wophunzira uja, anachita chinthu chopusa kwambiri. Anamupempha kuti alowe m'kafukufuku, akunamizira kuti anthu akuperewera. Ankaganiza kuti mafunso ake amugwira. Ankaganiza kuti akadzamuonetsa zotsatira, zolembedwa bwinobwino ndi manambala, Rike sadzatha kukana. Ankakhulupirira mafunsowo kuposa maso ake. Rike anawerenga funso lililonse, anadziwa chimene likufuna, n'kulipatsa yankho la munthu wokhuta.

Wofufuza salowetsa chibwenzi chake m'kafukufuku. Zikanadziwika, sikukanakhala kungoimitsa ntchito ayi. Akanamuthamangitsa, ndipo palibe yunivesite ina ikanamulandira.

"Ndikayankhula ine, andisiya, ndipo digiri yapita," anatero akulira. "Ndikakhala chete, amwalira. Koma mukayankhula inu..."

Sanamalize. Sindinamukakamize kuti amalize.

"Idya keke yako," ndinamuuza. "Zimene wanenazi sindinazimve."

Ndiye inde, ndinanamiza komiti. Ndinaswa siginecha yanga kuti mwana wa neba akhale ndi moyo, ndipo ndinanama kuti mwana wanga akhale ndi tsogolo. Rike nayenso, ngakhale anali wokwiya chotero, posuma sanatchule za chibwenzicho. Mwina ankamuteteza. Mwina ankangofuna kuti mlandu wonse ugwere ine. Sindinamufunse.

Tilman anayambiranso kafukufuku wake ku tauni ina, kumene za sikelo sizinafike. Ndamva kuti tsopano anthu amasiya makhoti ndi zikwama panja asanalowe m'kachipinda. Ndamvanso kuti mafunsowo akuoneka kuti akugwira bwino ntchito kwa anthu ambiri, ndipo ndikukondwera, poti ndi mafunso abwino. Kuno sabwera. Foni amaimba mwa apo ndi apo, n'kukamba za nyengo. Kaya wandikwiyira, kaya akuchita manyazi kuti anakhala chete kumapeto kwa tebulo lija, sindikudziwa. Ndi mwana. Anachita mantha. Ndimudikira.

9

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwandiweruza kale. Mukuti lamulo ndi lamulo, ndipo aliyense akamaswa lonjezo chifukwa mtima wamuuza, palibe adzakhulupirire mnzake. Sindikutsutsani. Ineyo ndinasunga zinsinsi za anthu kwa zaka zambiri, zina zolemera moti ndinkalephera kudya nazo, ndipo ndidzafa nazo. Lamulo lija ndi labwino. Ndinaliswa ndikudziwa, ndipo chilango chake ndinachilandira osapempha kuti achepetse. Chimene ndikukana n'choti ndiweramitse mutu pamsika ngati ndinaba.

Ndikupemphani chimodzi chokha. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene nthawi zonse amati wadya kale kwina, musamufunse mafunso. Mafunso amayankhidwa. Musayang'anenso mbale, poti mbale imapepuka m'njira zambiri. Kokani mpando mukhale naye mpaka amalize. Adzakudani. Mulekeni akudeni.

Bambo Haug anakhala miyezi osandilankhula. Tikakumana pakhomo ankangogwedeza mutu. Buledi ndinkakagula ku sitolo yaikulu, uja wokhala ngati thonje.

Tsiku lina chisanu chitayamba kutha, ndinamva kugogoda. Nditatsegula ndinawapeza ataima, chipewa chili m'manja, ufa uli m'nsidze.

"Mayi Kienzle."

"Bambo Haug. Ngati ndi za masitepe, sabata ino ndi yanu."

"Ndikudziwa." Anatembenuza chipewa. "Rike akutuluka Loweruka."

"Zikomo Mulungu. Ali bwanji?"

"Wanenepako pang'ono. Amatukwana kwambiri. Madokotala akuti chimenecho n'chizindikiro chabwino." Anayang'ana pansi. "Wandiuza za mwana wanu uja."

Ndinagwira chitseko mwamphamvu. "Ndiye mwabwera kudzatani? Mukapita ku yunivesite?"

"Ndinafuna kupita. Nsapato ndinavala. Kenako ndinakumbukira kuti mnyamatayo anaona n'kuchita mantha, pamene ine bambo wake sindinaone n'komwe. Ndikamusumira ndani?" Anapumira m'mwamba. "Sindinabwerere zimenezo. Madokotala akuti kwa miyezi ingapo asamadye yekha. M'mawa ndikhoza, madzulo ndikhoza. Koma masana ine ndimakhala ndatheratu, ndimagona ndili chiimire. Wantchito woti andilowe m'malo ndilibe. Ndiye ndimati... poti inu masiku ano..."

"Poti ine masiku ano ndine lova."

"Sindinanene choncho."

"Nkhope yanu yanena. Mwiniwakeyo akuti bwanji?"

"Akuti bola kudya ndi mdierekezi."

"Ndiye wavomera."

Anatsala pang'ono kuseka. "Mayi Kienzle, ine ndinakutukwanani pamaso pa anthu. Ntchito yanu inatha chifukwa cha pakamwa panga."

"Ntchito yanga inatha chifukwa cha pakamwa panga. Musandilande zanga." Ndinatsegula chitseko chonse. "Tamverani. Kuyambira Lolemba ndizitsika tsiku lililonse masana, Lamlungu lomwe. Ndizikhala naye mpaka mbale ithe. Koma inunso mulonjeze. Zimene tizikambirana patebulopo musadzandifunse. Ndipo za Tilman zisadzatuluke m'bekale muja, ngakhale kasitomala atakhala wokoma nkhani bwanji. Adzanena yekha akadzalimba mtima."

"Ndalonjeza. Pakamwa panga ndatseka." Anapukuta dzanja pa epuloni n'kulitambasula. "Koma ndikuchenjezeni, neba. Akakutukwanani. Mawu amene waphunzira kumeneko ngakhale ine ndimachita nawo manyazi."

Ndinagwira dzanja lawo, ufa n'kundimata m'zala.

"Azinditukwana akutafuna," ndinatero. "Lolemba masana ndifika."